Funsani Azakhali: Ku Mua ndinkakhoza, kusekondale ndasanduka mbuli

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 17, ndimakhala cha ku Golomoti ndipo ndili Fomu 2. Sindimva. Ndinabadwa bwinobwino, koma ndili ndi zaka 7 ndinadwala matenda oumitsa khosi. Potuluka m'chipatala ndinkangoona milomo ya amayi ikugwedera, mawu osamveka. Kulankhula ndimalankhulabe, ngakhale anthu amati mawu anga ndi achilendo.

Makolo ananditumiza kusukulu ya ana osamva ya ku Mua. Kumeneko ndinaphunzira chinenero cha manja, ndinapeza anzanga, ndipo m'kalasi ndinkakhala mmodzi wa otsogola. Ndinakhoza mayeso a Sitandade 8 n'kusankhidwira kusekondale yoyendera ya kufupi ndi kwathu.

Kuno ndiye ndaona zakuda. M'kalasi tilimo ambiri ndipo wosamva ndine ndekha. Palibe mphunzitsi wodziwa manja. Ena amalankhula atayang'ana kubolodi, ena amangotchula manotsi pakamwa kuti tizilemba. Anzanga akamaseka sindidziwa ngati akuseka nthabwala kapena ine. Anyamata ena amanditcha gonthi, amaima kumbuyo kwanga n'kumandinyoza kuti aone ngati nditembenuke. Teremu yathayi ndinalephera maphunziro onse kupatula masamu.

Bambo akuti ndalama za mpunga zisamathere pa munthu woti sakumva zimene aphunzitsi akunena. Bambo wina wa golosale wauza amalume kuti akhoza "kundisunga". Amayi amangolira. Pakhomo palibe wodziwa manja, ndipo nkhani zanga amakambirana ine ndili pomwepo ngati palibe munthu.

Ndinkafuna kudzakhala mphunzitsi wa ana osamva. Kodi nzeru zanga zinathera ku Mua? Ndingosiya sukulu?

Ine wosowa mtengo wogwira,
Golomoti

Mwana wanga,

Usasiye sukulu, ndipo wagolosaleyo mutaye kutali. Tsopano khala pansi tikambirane bwino.

Wadzifunsapo chifukwa chake masamu okha ndiwo unakhoza? Mphunzitsi wa masamu sangachitire mwina koma kulemba chilichonse pabolodi, kuyambira funso mpaka yankho. Phunziro lake limalowera m'maso, n'chifukwa chake limakufika. Maphunziro enawo akutulukira pakamwa n'kuthera m'malere. Mayeso a teremu yathayo anayesa makutu ako, nzeru zako sanazikhudze n'komwe. Mutu umene unakhoza mayeso a Sitandade 8, pepala lomwelo la bungwe la mayeso la MANEB limene analemba ana akumva, ukadali pamapewa akowo. Chimene chinatsala ku Mua ndi chinenero chophunzirira.

Usadziimbenso mlandu kuti ukulephera kuwerenga milomo. Ngakhale katswiri pa luso limeneli amangotola zochepa, zambiri amachita kulota. Taima pagalasi unene "phala", kenako "bala": milomo ikuchita chimodzimodzi. Nanga mphunzitsi akakhala kuti akulankhula Chingerezi, akuyendayenda, wakufulatira? Palibe mwana angatole kanthu pamenepo.

Dziwanso kuti zimene ufune kupemphazi si chifundo ayi. Malamulo aakulu a dziko lino amati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo amaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, mu 2012 tinakhala ndi lamulo lathulathu pa nkhaniyi, ndipo mu 2024 linabwera latsopano m'malo mwake. Boma linasankha lokha kuti ana aulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo alungalunga. Kungokulowetsa m'kalasi n'kukusiya choncho sikukwana. Phunziro liyenera kukufika.

Poyambira ndi ku Mua komweko, pajatu si patali ndi kwanu. Tsiku lina ukwere ndi amayi ako mukaonane ndi aphunzitsi amene anakuphunzitsa. Uwapemphe akulembere kalata yofotokoza mmene unkakhozera ndi zimene mwana wosamva amafunika m'kalasi. Kalatayo mupite nayo kwa ahedi a kusekondale kwanu, iwe utalembanso zopempha zako papepala kuti pasakhale wokulankhulira zimene sunanene. Zambiri mwa izo sizilira ngakhale tambala. Ukhale mzere wakutsogolo, pamene kuwala kukugwera pankhope ya mphunzitsi osati m'maso mwako. Mphunzitsi asalankhule akulemba; alembe kaye, atembenuke, kenako afotokoze. Mawu atsopano, masamba oti muwerenge ndi tsiku la mayeso zilembedwe pabolodi. Mnzako akayankha funso, mphunzitsi amuloze kuti udziwe wolankhula, ndipo yankho lake lilembedwe mwachidule. Amene amatchula manotsi pakamwa akubwereke pepala lawo ukopere. Aphunzitsi ambiri akapanda kuchita zimenezi si chifukwa cha nkhanza; palibe anawauzapo, ndipo iwe ukangokhala chete pakona amaganiza kuti zonse zili bwino.

Nkhani ya anyamata onyozawo ikatchulidwenso pamsonkhano womwewo. Kunyoza mnzako chifukwa cha ulumali ndi mlandu pasukulu, ndipo kuuthetsa ndi ntchito ya ahedi, osati yako. Koma pakati pa anzakowo sipangalephere mtsikana mmodzi kapena awiri a mtima wabwino. Uyambe ndi iwowo: uwaphunzitse zilembo za pa zala ndi manja a moni. Ana sachedwa kutengeka ndi chinenero choti angalankhulane ali mbali ziwiri za bwalo popanda kukuwa. Iwe uziwathandiza masamu, iwo azikuthandiza manotsi. Mutu umodzi susenza denga.

Chachiwiri n'chofunika changu chifukwa uli Fomu 2. MANEB imakonza dongosolo lapadera la ophunzira aulumali pa mayeso, koma imadalira sukulu kuti iidziwitse polembetsa mayina. Funsa ahedi ngati anakulemba kuti ndiwe wosamva pa mndandanda wa JCE. Usadikire kuti mayeso ayandikire.

Ngati teremu ingathe zinthu osasintha, pempha kusamuka. Alipo masekondale ena okhala ndi chipinda chapadera chothandizira ophunzira aulumali, momwe mumakhala aphunzitsi amene anaphunzira ntchitoyi ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Kumeneko umalowa m'kalasi ndi anzako onse, kenako mphunzitsi wodziwa manja amakubwerezera zimene zakudutsa. Masekondale a m'boma la Dedza amayang'aniridwa ndi ofesi ya maphunziro ya chigawo cha Central West ku Lilongwe, koma mukhoza kuyambira ku ofesi ya maphunziro pa boma, mufunse amene amaona za ana ofunika thandizo lapadera. Muli pabomapo mudzerenso ku ofesi yosamalira anthu, mukafunse za thandizo la ndalama za sukulu. Masekondale oterewa ndi ochepa ndipo mwina mudzabwererako kangapo, musagwe ulesi. Bungwe la anthu osamva la MANAD nalo ulilembere. Akuluakulu ake ndi anthu osamva amene anadutsa msewu womwe ukuyendawu, amadziwa zitseko zoyenera kugogoda.

Za makutu ndisakunamize. Kusamva kobwera ndi matenda oumitsa khosi kawirikawiri sikutha, choncho pasapezeke wokudyerani ndalama ndi mankhwala othira m'khutu. Komabe ngati papita nthawi usanapimidwe, pemphani kalata kuchipatala mupite kwa akatswiri a makutu, monga a ku African Bible College ku Lilongwe kapena a ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Iwo ndiwo angakuuze ngati kachipangizo kothandiza kumva kangakupindulire kapena ayi.

Nawenso uli ndi mbali yako. Mwana wakumva amatola mawu a Chingerezi pawailesi, mumsewu, m'kalasi, osadziwa n'komwe kuti akuphunzira. Iwe mawu ako onse adzachokera m'buku. Werenga mutu wa mawa lero, kuti mphunzitsi akamayamba ukhale ukudziwa kale kumene akulowera. Khala ndi kope la mawu atsopano. Chilichonse cholembedwa chimene chakupeza, nyuzipepala yakale, buku la nthano, Baibulo, chiwerenge. N'zolemetsa kuposa za anzako, ndikudziwa, koma Chingerezi ndicho chimatsekera ambiri chitseko cha MSCE.

Tsopano ndilankhule ndi akuluakulu, ndipo ndime iyi uwapatse awerenge okha.

Bambo, ndalama ya mpunga ndi ya thukuta, palibe angakutsutseni. Koma mwana wanuyu sanalephere, sanaphunzitsidwe. Mukamuchotsa lero, mudzamusunga inuyo moyo wake wonse, kapena mudzamupereka kwa munthu woti akamuzunza sadzatha n'kufotokoza kwa amfumu popanda womasulira. Inunso amalume, mwini mbumba ndi mtetezi wa mbumba. Chiyambire 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo dera lanulo linali la malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anatchuka mpaka kunja chifukwa chothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu. Musakhale inu obweza mbiri imeneyo m'mbuyo. Munthu wamkulu wofuna "kusunga" mtsikana wosamva nthawi zambiri amakhala atawerengera kuti mwanayo sadzaulula. Wagolosaleyo akapitiriza kuvuta, amayi akanene kwa amfumu, kwa gulu la amayi la pasukulu, kapena kupolisi kunthambi yothandiza ozunzidwa. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 nayo ndi yaulere.

Ndipo nonse pakhomopo, zaka khumi mwana ali pakati panu, inu osadziwa ngakhale dzanja la "wadya?" Iye anaphunzira chinenero chatsopano ali kamwana, inu simungalephere mawu awiri patsiku. Mphunzitsi muli naye m'nyumba momwemo. Nkhani yokhudza iye isakambidwenso iye asakutsatira. Ngati manja akuvuta, cholembera chilipo.

Mwana wanga, loto lako lisunge. Ku South Africa mayi wosamva, Wilma Newhoudt-Druchen, analowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1999, ndipo mu 2023 dzikolo linavomereza chinenero cha manja kukhala chinenero cha boma cha nambala 12. Kuno kwathu aphunzitsi odziwa bwino manja ndi ochepa kwambiri, n'chifukwa chake iwe ukuvutika chonchi, ndipo wodziwa bwino kuposa onse ndi amene amalankhula chinenerocho tsiku ndi tsiku. Njira ya loto lakolo ndi JCE, MSCE, sukulu ya uphunzitsi, kenako Montfort. Ukadzafuna kuphunzira kusoka kapena luso lina la manja, palibe chochititsa manyazi, bola udzasankhe wekha uli ndi satifiketi m'manja.

Sabata ino chita ziwiri: pita ku Mua ukatenge kalata, ndipo funsa za dzina lako ku MANEB. Ukaonana ndi ahedi undilembere zimene ayankha, tione chotsatira.

Azakhali