Gwedegwede wa m'galimoto amagwetsa mtengo

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, nawo malonda a galimoto amatentha pa Kasungu. Alimi ndi amalonda amene apeza kangachepe amathamangira Toyota Prado, Mark X kapena Mercedes-Benz zogwirapo kale ntchito, zambiri zochokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe. Galimotozi zinazolowera phula losalala. Zikayenda miyezi ingapo m'misewu yafumbi yolowa m'midzi ya kwa Chulu kapena ku Chamama, m'kati mumayamba gwedegwede.

Kwa wamalonda, phokosoli ndi ndalama. Wogula akalimva amanenerera mtengo, ndipo wobwereka galimoto yaukwati amapita kwina. Choncho mwini galimoto ayenera kudziwa kusiyanitsa phokoso longosowetsa mtendere ndi phokoso lochenjeza za ngozi.

Choyamba ndi kutulutsa katundu yense. Nthawi zambiri cholira si galimoto ayi, koma makobidi, makiyi, mabotolo, kapena jeke ndi tayala la sipeya zimene sizinamangidwe bwino m'buti. Nacho chitsulo cha lamba wa mpando wopanda munthu chimamenya m'mbali mwa chitseko.

Chachiwiri ndi mpweya wa m'matayala. Tayala lopopedwa mopyola muyezo limauma ngati mwala, ndipo bampu iliyonse imafika mpaka pa dashibodi. Muyezo woyenera umalembedwa pa kapepala komatidwa pakhomo la dalaivala, ndipo mpweyawo uyezedwe matayala asanatenthe.

Phokoso likapitirira, pafunika anthu awiri. Wina ayendetse pang'onopang'ono pamsewu wa mabampu, wailesi ili yozima ndi mawindo otseka, mnzake azidinikiza ndi dzanja malo amodziamodzi: dashibodi, zitseko, denga ndi mipando. Pamene phokoso lasiya, vuto lili pomwepo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapulasitiki a m'kati amagwiridwa ndi timakilipi. Kutentha kwa mu Okutobala kumawafutukula, kuzizira kwa mu Juni kumawakhwinyata, ndipo mabampu amamaliza ntchito yowagwedeza. Mankhwala ake ndi otchipa: kusintha kilipi yothyoka, kapena kulowetsa kansalu kofewa ngakhale kachidutswa ka chubu pamene zinthu ziwiri zikukhulana. Mphira za m'zitseko zikamalira kuti kwii, zitsukidwe ndi madzi kuti fumbi lichoke, kenako zipakidwe silikoni. Oyilo wa injini kapena girisi zimafufumitsa mphira n'kuiwononga.

Pali malo osayenera kugwiragwira. Galimoto zapamwamba zimakhala ndi ma airbag pa chiwongolero, pa dashibodi, ndipo zina m'mipando ndi m'mbali mwa denga. Mawaya ake kawirikawiri amakhala ndi zolumikizira zachikasu. Kukhoma sikuluwu kapena kukanganula pulasitiki pamalo amenewa kungalepheretse airbag kutseguka pa ngozi. Imeneyo ndi ntchito ya makaniko wodziwa zamagetsi.

Phokoso lochokera pansi ndi nkhani ina. Kugogoda kwakuti gu! gu! galimoto ikagwa m'dzenje, pokhota kapena pogwira mabuleki kumaloza ku mashoko, mabushi, ball joint kapena tie rod. Ball joint ikathothoka, tayala limapindikira m'kati galimoto ili pa liwiro, ndipo pa msewu wa M1 zimenezi zimatengetsa moyo. Phokoso lotere silifuna chubu koma galaja, tsiku lomwelo.

Wogula asamalipire galimoto imene wangoiyesa pa phula la m'tauni. Aipititse pamsewu wafumbi, azimitse wailesi, amvetsere. Wogulitsa akamakweza nyimbo kapena kukana kuchoka pa phula, wogula achenjere. Phokoso likakhala la m'kati, ndi chifukwa chabwino chonenerera mtengo, popeza kukonza kwake n'kosavuta. Likakhala la pansi, makaniko ayambe waona ndi kutchula mtengo wa masipeya, pakuti a Benz ndi Prado ndi okwera mtengo ndipo ena amayenera kuitanitsidwa ku Lilongwe, mwinanso kunja. Ndalama imeneyo ichotsedwe pa mtengo wa galimoto asanagwirane chanza.

Naye wogulitsa amapindula akathera tsiku limodzi kuthetsa gwedegwede asanaike galimoto pamsika. Kilipi ndi kansalu sizidula, koma wogula akangomva phokoso amadula mtengo ngati wapeza vuto la injini.