Mmene Injini Yopanda Madzi Imatayira Kutentha

Wophunzira wanga, lero tiyang'anitsitse injini ya njinga yamoto, makamaka ija yopanda madzi ndi radiyeta, imene imazizira ndi mphepo basi. Njinga zambiri za kabaza zimene umaziona m'misewu yathu, monga Bajaj Boxer ya ku India, zili ndi injini yotereyi. Mafunso athu ndi awiri: kutentha kumachokera kuti, ndipo kumatulukira pati? Ndikudziwa kuti ndiwe wakhama, choncho tiyende pang'onopang'ono mpaka tifike pa zovuta.

Tiyambe ndi mayina. Silinda ndi chitsulo chokhala ndi bowo lalikulu lozungulira. M'bowomo mumayenda pisitoni, kachitsulo kokwana bwino kamene kamakwera ndi kutsika. Pamwamba pa silinda pali chivindikiro chotchedwa hedi, ndipo mu hedimo muli pulagi, yothetheka moto, ndi mavalavu, amene ndi timakomo tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi. Pisitoni ikatsika imakoka mpweya wosakanizika ndi petulo. Ikakwera imaupanikiza. Pulagi ikathetheka mpweyawo umayaka n'kukankha pisitoni pansi mwamphamvu, kenako pisitoni imakweranso kutulutsa utsi. Kayendedwe ka magawo anayi kameneka kanakhazikitsidwa ndi Nikolaus Otto wa ku Germany mu 1876, ndipo njinga zambiri za lero zikukatsatirabe.

Tsopano tamva ziwerengero izi. Moto woyaka mu silinda umafika madigiri pafupifupi 2,000. Hedi ndi pisitoni amazipanga ndi aluminiyamu, chitsulo chopepuka chimene chimasungunuka pa madigiri 660. Injini ikamazungulira maulendo 6,000 pa mphindi, moto umenewu umayaka maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Ndiye bwanji chitsulocho sichisungunuka? Chifukwa motowo umayaka kwa kanthawi kochepa kwambiri, mpweya watsopano wozizira umalowa m'mbuyo mwake, ndipo kutentha kumene kwalowa m'chitsulo kumakhala kukutuluka nthawi zonse. Mawu oti "nthawi zonse" uwasunge. Kutentha kukasiya kutuluka pamene moto ukupitiriza kuyaka, injini imawonongeka m'mphindi zochepa.

Uzindikirenso kuti petulo yense amene dalaivala amagula sasanduka liwiro. Tikagawa mphamvu ya petulo m'magawo khumi, atatu okha, mwinanso osakwana, ndiwo amazunguza tayala. Otsalawo amasanduka kutentha. Kwina kumatuluka ndi utsi ku ekizozi, ndipo kwina kumalowa m'chitsulo cha injini ndi mu oyilo. Kumene kwalowa m'chitsulo ndiko nkhani yathu ya lero. Galimoto imakunyamula ndi madzi kupita nako ku radiyeta. Njinga yathu ilibe madzi, choncho iyenera kukupereka kumphepo mwachindunji.

Pita pafupi ndi njinga imene yaima ndipo yazizira, ugwade, uyang'ane silinda ndi hedi. Uona timapepala tachitsulo topyapyala, tondandalikana kamodzi pamwamba pa kanzake, tokhala ndi mipata pakati. Timeneti tizititcha zipsepse. Ukazigogoda ndi chikhadabo zimalira, ndipo pa njinga zina upeza timphira tating'ono topanikizidwa pakati pake kuti zisamanjenjemere n'kuchita phokoso. Uonanso kuti zipsepse za kumtunda, pafupi ndi hedi, kawirikawiri n'zazikulu kuposa za m'munsi. Amene anazipanga ankadziwa kuti moto umayakira kumtundako.

Ntchito ya zipsepse ndi kuchulukitsa malo pamene chitsulo chimakhudzana ndi mpweya. Phala likakhala m'kapu limachedwa kuzizira, koma ukalithira m'mbale yafulati n'kuliuzira, limazizira msanga. Phala ndi lomwelo, changosintha ndi kukula kwa malo okumana ndi mpweya, komanso kuuzirako. Zipsepse ndizo mbale yafulati ija, ndipo kuthamanga kwa njinga ndiko kuuzira.

Kutentha kumayenda ulendo wa magawo awiri. Gawo loyamba, kumadutsa m'chitsulo kuchokera pamene pali moto kupita kunsonga za zipsepse. Apa aluminiyamu amathandiza kwambiri, chifukwa amadutsitsa kutentha mofulumira kuposa chitsulo wamba. Gawo lachiwiri, kumachoka pa zipsepse kulowa mumpweya. Apa mpamene pali vuto. Mpweya woima sulandira kutentha kwambiri. Umene wakhudza chitsulo umatentha msanga, n'kungokhala pomwepo ngati chofunda. Pamafunika kuti mpweya wotenthawo uchoke, wozizira ubwere m'malo mwake, uwonso uchoke, mosalekeza. Kutentha kwina pang'ono kumatuluka ngati cheza, kuja umakumva pamwendo usanakhudze injini, koma mbali yaikulu imanyamulidwa ndi mphepo yoyenda.

Fika nane tsono pa mtima wa phunziro lino. Kuchuluka kwa kutentha kumene injini ikupanga kumadalira ntchito imene ikugwira: katundu, chitunda, ndi mmene dalaivala wapotokolera moto. Kuchuluka kwa kutentha kumene ikutaya kumadalira liwiro la mphepo yodutsa m'zipsepse. Ziwirizi siziyendera limodzi nthawi zonse. Ndibwerezenso: ntchito ndiyo imapanga kutentha, liwiro ndilo limakuchotsa. Injini ya madzi ili ndi kachipangizo kotchedwa themositati, kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya madzi kuti injini ikhale pa madigiri pafupifupi 90, ilinso ndi fani yodziyatsa yokha. Injini ya mphepo ilibe zimenezo. Hedi yake imatha kufika madigiri 200 ili bwinobwino, ndipo woletsa kuti isapitirire muyeso ndi dalaivala yekha.

Tiyese mfundoyi pamsewu. Njinga ikuyenda pamsewu wa tala wopanda zitunda, liwiro la makilomita 60 pa ola, munthu mmodzi. Ntchito ndi yapakatikati, mphepo ndi yambiri, injini ili pamtendere. Njinga yomweyo ili pamdipiti wa magalimoto m'tauni, yaima koma ikulira. Ntchito ndi yochepa, koma mphepo palibiretu, ndiye kutentha kumaunjikana pang'onopang'ono. Kuima kwa mphindi imodzi kapena ziwiri sikuvuta, koma mukaima nthawi yaitali kudikira kasitomala, kuzimitsa ndiko kwanzeru.

Choopsa koposa ndi chachitatu. Ganizira njinga imene ikukwera chitunda chochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, kapena cha Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti, itanyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga. Dalaivala wapotokola moto wonse, koma njinga ikungokwawa. Apa ntchito yafika pachimake pamene mphepo yachepa. Ndipo madalaivala ambiri amawonjezera vutoli pokakamira giya yaikulu, poganiza kuti akupulumutsa petulo. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono moto uli wonse, pisitoni imalandira nkhonya zolemera, ndipo pampu ya oyilo nayo imazungulira pang'onopang'ono. Bwezera giya pansi, injini izungulire mopepuka, uchepetseko moto, ndipo chitunda chikatalika upumitse njinga pakati. Ine ndimaona kuti phunziro limeneli lokha lingapulumutse injini zambiri kuposa mankhwala alionse othira mu oyilo.

Mwina ufunsa za dzuwa la Okutobala. N'zoona, nyengo yotentha imavutitsa injini, koma tiwerenge. Kutentha kumatuluka molingana ndi kusiyana kwa chitsulo ndi mpweya. Hedi ikakhala pa madigiri 200, mpweya uli pa 25, kusiyana ndi 175. Kuchigwa cha Shire mpweya ukafika 42, kusiyana kumatsika kufika 158. Kwachepa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi basi. Choncho dzuwa limawonjezera vuto, koma katundu wolemera ndi liwiro lochepa n'zimene zimalibweretsa.

Anthu opanga njinga akhala akulimbana ndi nkhani ya mphepoyi kwa zaka zoposa 100. Mu 1923 kampani ya BMW inatulutsa njinga ya R32, imene Max Friz anaika masilinda ake awiri motulukira m'mbali, kumanzere ndi kumanja, kuti onse azilandira mphepo mofanana. Njinga zambiri za Harley-Davidson za ku America zili ndi masilinda awiri, ina kutsogolo ina kumbuyo, ndipo ya kumbuyo imatentha kwambiri chifukwa imabisala ndiponso imalandira mpweya wotentha kale. Njinga za Vespa za ku Italy zinabisa injini m'kati mwa thupi, ndiye anaziikira fani yozunguzidwa ndi injini kuti iziuzira zipsepse ngakhale njinga itaima. Honda Super Cub, imene inayamba kupangidwa mu 1958 ndipo pofika 2017 zinali zitapangidwa 100 miliyoni, ili ndi silinda imodzi yogona choloza kutsogolo, hedi yake ndiyo imayamba kukumana ndi mphepo.

Tsopano tilowe mkati, kumene mphepo sifika. Kunsi kwa pisitoni, m'mabering'i ndi m'magiya, wonyamula kutentha ndi oyilo. Anthu ambiri amadziwa kuti oyilo amafewetsa zitsulo kuti zisakhulane. Ochepa amadziwa kuti amaziziritsanso. Amatenga kutentha m'zitsulo za mkati, n'kutsika nako pansi pa injini, kumene kumatulukira m'makoma. Mu 1985 kampani ya Suzuki inatulutsa njinga ya liwiro ya GSX-R750 imene inkaziziritsa hedi ndi pisitoni pogwiritsa ntchito oyilo wambiri wodutsa mu radiyeta yakeyake. Njinga ya kabaza ilibe zonsezo. Imasunga oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo oyilo yemweyo amatumikira injini, magiya ndi kilatchi. Akachepa ndi theka, wotsalayo amasenza kutentha konse yekha. Oyilo akatentha kwambiri amasungunuka ngati madzi, amada, n'kutaya mphamvu. N'chifukwa chake uyenera kuyang'ana muyeso wake m'mawa uliwonse njinga itaima chilili, kuthira mtundu umene buku la njingayo lanena, ndi kusintha pa nthawi yake. Oyilo wa galimoto wina amatereretsa kilatchi ya njinga, choncho funa wolembedwa kuti ndi wa njinga yamoto.

Chinanso chimene chimasintha kutentha ndi kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya. Kabureta ndi chipangizo chimene chimasakaniza ziwirizi. Muyeso woyaka bwino ndi pafupifupi magalamu 15 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Injini ya mphepo ikamagwira ntchito yolemera imafuna petulo wochulukirapo pang'ono, chifukwa petulo akamasanduka nthunzi amaziziritsa mkati mwa silinda. Ukamva dalaivala akuuza makaniko kuti, "Tandifinyirani kabureta, ikumwa kwambiri," dziwa kuti akhoza kupulumutsa ndalama ya petulo lero n'kudzalipira ya pisitoni mawa. Mpweya wolowera pamphira wong'ambika pakati pa kabureta ndi hedi umabweretsa vuto lomweli. Pulagi imatha kukuuza zoona. Imasule injini itazizira, uyang'ane kunsonga kwake. Ikakhala yofiirira ngati dothi louma, zili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye, petulo wachuluka. Ikakhala yoyera mbee, kapena yokhala ndi timatuza, injini ikuyaka motentha kwambiri.

Nanga chimachitika n'chiyani kutentha kukapyola muyeso? Chitsulo chilichonse chikatentha chimafufuma. Aluminiyamu amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo chimene chimakuta mkati mwa silinda. Mpata wa pakati pa pisitoni ndi khoma la silinda ndi wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo mumpatamo mumakhala oyilo. Pisitoni ikafufuma kwambiri mpata umatha, oyilo amafinyidwira kunja, chitsulo chimakhula chitsulo, ndipo pisitoni imakakamira. Amakaniko amati injini yanoka. Izi zikachitika njinga ikuthamanga, tayala la kumbuyo likhoza kuima mwadzidzidzi, ndipo chopulumutsa dalaivala ndi kufinya kilatchi msangamsanga.

Injini imachenjeza isanafike pamenepo. Mphamvu imachepa ngakhale wapotokola moto. Pamamveka kulira kwa "ngwe ngwe ngwe" ngati timiyala tikugunda chitsulo mkati, chizindikiro chakuti petulo akuphulika yekha mosalongosoka chifukwa cha kutentha. Pamamveka fungo la oyilo wopserera, ndipo magiya amayamba kulimba. Ukaona zimenezi, patuka, zimitsa, uimike njinga pamthunzi pomwe pakupita mphepo, udikire mphindi 20 kapena 30.

Pa nthawi yodikirayi usathire madzi pa injini. Ndaona anthu akuchita zimenezi ndi mtima wabwino, koma n'zowononga. Madzi amaziziritsa kunja kwa chitsulo mwadzidzidzi pamene mkati mukadali motentha. Kunja kumakhwinyata, mkati n'kukana, ndipo hedi ikhoza kupindika kapena kung'aluka. Mvula yowaza pamene njinga ikuyenda ndi yosiyana ndi ndowa ya madzi yokhuthulidwa pa injini yopsa.

Madzi ali ndi nthawi yake, ndiyo pamene injini yazizira. M'dzinja matope amadzaza mipata ya zipsepse n'kuumira momwemo, ndipo oyilo wodontha akasakanizika ndi fumbi amapanga chikhungwa chimene chimatsekera kutentha mkati. Tenga madzi, sopo ndi kaburashi, uchotse zonse mpaka uone kuwala kudutsa pakati pa zipsepse. Uyang'anenso zimene zaikidwa kutsogolo kwa injini. Chikwangwani chokongoletsa, lamba wamkulu wotchinga matope, kapena katundu wolendewera pamenepo, zonsezi zimabera injini mphepo yake. Ntchito yako ya sabata ino ndi iyi: upeze njinga zitatu za anzako, uone zipsepse zake, muyeso wa oyilo ndi mtundu wa pulagi, ulembe zimene wapeza, ndipo tidzazikambirana tikadzayamba phunziro la mipata ya mavalavu.