Mwana akuchedwa kuyankhula: kodi agogo asiye Chiyao?

Aphungu,
Mwana wanga wamwamuna wakwanitsa zaka zitatu koma mawu amene amatchula ndi owerengeka. Ife timamuyankhula Chichewa, agogo ake Chiyao, kusukulu yamkaka ndi Chingerezi chokhachokha. Aphunzitsi atamuonetsa zithunzi sanayankhe, anangowerama. Akuti tamusokoneza ndi zilankhulo, tizimuyankhula Chingerezi basi. Apongozi anga nawo akuti lilime ndi lomangika, tikalidulitse. Ndimvere ndani?
Mayi wa ku Bangwe

Mayi,
Agogo asasiye Chiyao chawo, ndipo lumo lisayandikire pakamwa pa mwanayo.

Yendani mu Ndirande, Chirimba kapena ku Bangwe kwanuko, mupeza ana akukula ndi Chichewa, Chilomwe, Chiyao ndi Chisena m'khutu limodzi, ndipo amalongolola mpaka kutopetsa. Kuchuluka kwa zilankhulo sikuchedwetsa mwana. Amene ali ndi vuto lenileni amavutika m'zilankhulo zonse zimene amamva. Choncho powerenga mawu a mwana wanu, phatikizani a Chichewa, a Chiyao ndi a Chingerezi pamodzi. Mukamuletsa Chiyao, mwamulanda agogo, munthu amene mwina amacheza naye nthawi yaitali kuposa wina aliyense pakhomopo.

Mayeso a aphunzitsiwo sindikuwakhulupirira. Mwana woleredwa kwathu kuno amaphunzitsidwa kuti wamkulu sapenyedwa m'maso, ndiye kuwerama kwakeko kungakhale ulemu kapena manyazi chabe. Komanso chithunzi cha chinthu chimene sanachionepo angachitchule bwanji, m'chilankhulo choti wangochiyamba kumene? Madokotala a ana anaona kale vuto limeneli. Mu 2010 Dr Melissa Gladstone ndi anzake a ku College of Medicine, yomwe lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, anatulutsa njira yoyezera kakulidwe ka ana yotchedwa MDAT. Anaikonza pofunsa makolo a konkuno ndi kuyeza ana achimalawi, chifukwa mayeso ochokera kunja ankalepheretsa ana abwinobwino. Kuyankhula ndi limodzi mwa magawo ake anayi.

Koma musamve ngati ndikuti palibe nkhawa. Mwana wa zaka ziwiri amayamba kulumikiza mawu awiri, monga "amama madzi". Wa zaka zitatu amene sanafike pamenepo ayenera kuonedwa, ndipo zoti "adzayankhula yekha, bambo ake nawo anachedwa" zatayitsa mabanja ambiri nthawi.

Yambani ndi makutu. Mafinya otuluka m'khutu kawirikawiri, malungo a muubongo ndi matenda oumitsa khosi amatha kuwononga kumva kapena kuyankhula, makolo osazindikira. Pitani kuchipatala chaching'ono cha ku Bangwe ndi buku lake la kusikelo, mupemphe kalata yopitira ku Gulupu. Pa Gulupupo, kapena kuti Queen Elizabeth Central Hospital, pali kiliniki yoyeza kumva kuyambira mu 2016, ndipo ngakhale mwana wosayankhula amayezeka. Kumeneko dokotala aonenso lilimelo. Kanyama kapansi pa lilime kakafupika kamavutitsa poyamwa kapena potchula malembo ena, koma sikaletsa mwana kudziwa mawu, pomwe kudula kwa pakhomo kumabweretsa magazi ndi matenda.

Akatswiri ophunzitsa kuyankhula ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ena ndi alendo osadziwa zilankhulo zathu. Mukakumana nawo musachite mantha. Auzeni zilankhulo zonse za pakhomo, pemphani kuti mwana ayezedwe m'Chichewa, ndipo ngati n'kotheka agogo apite nawo. Jambulani pafoni mwanayo akusewera ndi anzake pabwalo, mukawaonetse, chifukwa m'chipinda cha dokotala ana ambiri amangoti duu. Akapezeka kuti samva, kuli sukulu ya Maryview ku Nguludi ndi Mountain View ku Bvumbwe, komanso bungwe la anthu osamva la MANAD limene lingakulozereni kophunzirira chilankhulo chamanja.

Podikira tsiku la kuchipatala, muchepetsereni foni ndi wailesi yakanema. Mukamaphika kapena kuchapa, muzimuuza zimene mukuchita, kenako khalani chete pang'ono kuti naye ayese. Akati "madzi", inu onjezerani kuti "ukufuna madzi akumwa", osamukakamiza kubwereza.