Liwiro Lochepa: La Fani Kapena La Galimoto?

M'mwezi wa Okutobala chaka chatha, malume anga analipira kawiri kuti awathirire gasi mu eyakoni ya Toyota Corolla yawo, koma vuto silinathe. Amakaniko onse awiri anauzidwa mawu amodzimodzi: "Eyakoni siigwira ntchito pa liwiro lochepa." Monga wophunzira za chilankhulo, ndinaona kuti chiganizochi chili ndi matanthauzo awiri. Kodi liwiro lochepalo ndi la fani yopemerera mphepo m'kati, kapena ndi la galimoto imene? M'nkhani ino ndifotokoza mavuto awiriwa, chifukwa magwero ake ndi osiyana.

Tiyambe ndi fani ya m'kati. M'galimoto zambiri zakale muli batani lozunguza la manambala 1 mpaka 4. Mota ya faniyi imayendera magetsi a mavoliti 12. Mukaika pa 1, 2 kapena 3, magetsiwo amadzera m'kachipangizo kotchedwa resistor, kamene kamachepetsa mphamvu yopita ku mota. Mukaika pa 4, magetsi amakalambalala n'kupita ku mota mwachindunji. Choncho fani ikamazungulira pa 4 pokha, dziwani kuti mota ikadali ndi moyo ndipo woyamba kumukayikira ndi resistor. Apa gasi sakukhudzidwa m'pang'ono pomwe.

Resistor imatentha kwambiri, n'chifukwa chake anaiika m'njira ya mphepo pafupi ndi fani kuti izizizira. Kawirikawiri imapezeka kunsi kwa dashibodi, mbali imene kumakhala wokwera, ndipo imagwidwa ndi masikuluwu awiri. Ili ndi kafyuzi kamene kamaduka kutentha kukapyola muyezo. Funso limene ambiri salifunsa ndi lakuti: chinaitenthetsa n'chiyani? Fani ikadzaza masamba ndi fumbi, sefa ya mphepo ikatsekeka, kapena mabelingi a mota akatha, mphepo yoziziritsa imachepa kapena mota imakoka magetsi ambiri. Kuika resistor yatsopano osachotsa zimenezi n'kutaya ndalama, pakuti nayonso idzapsa. Galimoto zimene zimasintha zokha kuzizira kwa m'kati zimagwiritsa ntchito transistor m'malo mwa resistor, ndipo iyo ikawonongeka fani imatha kungoima kapena kumangothamanga osamvera batani.

Tanthauzo lachiwiri ndi ili: mumsewu wa M1 eyakoni ikuzizira bwino, koma pamdipiti wa galimoto pakati pa Limbe ndi Blantyre ikutulutsa mphepo yofunda. Kutsogolo kwa rediyeta kuli condenser, imene ntchito yake ndi kutaya kutentha kochokera m'kati. Galimoto ikamathamanga, mphepo imadutsa yokha pa condenser. Ikaima, ntchitoyo imatsalira fani yamagetsi ya kutsogolo. Kuiyesa n'kosavuta. Imikani galimoto, kokani handibuleki, lizani injini, yatsani eyakoni ndipo tsegulani boneti. Mumva kaphokoso koti "tha!" compressor ikalumikiza, ndipo faniyo iyenera kuyamba kuzungulira. Ikapanda kutero, onani fyuzi, relay ndi mawaya musanaganize zogula mota. Zala zikhale kutali, chifukwa faniyi imayamba mosachenjeza. Onaninso ngati condenser sinatsekeke ndi matope, udzu ndi tizilombo.

N'zoona kuti gasi wochepa amathanso kufooketsa eyakoni galimoto ikaima. Koma gasiyu, amene m'galimoto ngati ya malume ndi R134a, wolowa m'malo mwa R12 potsatira pangano la ku Montreal la 1987, satha ngati petulo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa kwambiri ndiye kuti penapake pakudontha. Kuthira wopyola muyezo nakonso kumachititsa kuti compressor izidula yokha. Kwa ine, makaniko wothira gasi asanafunse funso lililonse ndi wogulitsa gasi chabe.

Ndinawafunsa malume kuti, "Mukaika pa 2, mphepo imatuluka?"

"Ayi mphwanga, kumangoti zii. Koma pa 4 ndiye ngati namondwe, ndipo imazizira ndithu."

Tinabwerera ku galaja ndi chiganizo chatsopano: fani ikugwira pa 4 pokha. Atamasula anapeza resistor itapsa, ndipo m'fani munali masamba a mango ndi tizidutswa ta nsanza timene khoswe anamangira chisa.