Musanafufute za mu Chrome, pumani kaye

Foni ikangoyamba kulemera, kuno ku Madziabango mankhwala ake timadziwa amodzi: "ingofufutani zonse." Ndiye chala chimathamangira batani lililonse lolembedwa Clear, mawa lake Facebook ikukufunsani pasiwedi imene munaiona komaliza tsiku logula foni. Chrome, Opera Mini ngakhale Phoenix ija mumaipeza mu Tecno ndi itel zimasunga zinyalala ndi makiyi a nyumba m'thumba limodzi. Achimwene, achemwali, nzeru muli nazo, changu ndicho chakuchulukirani.

Zoyenera

- Yambani mwatsimikiza pasiwedi ya Gmail yanu, poti ndiyo idzakubwezereni zanu mukafufuta.
- Ngati akaunti anachita kukutsegulirani wokonza mafoni pa Lirangwe kapena pa Chileka, sinthani pasiwediyo lero lomwe, chifukwa mwini wake mpaka pano ndi iyeyo.
- Onani nambala imene Google ndi Facebook adzatumizeko kodi. Ngati ndi ya simu ija inatayika, kaibwezeretseni ku Airtel kapena TNM ndi chiphaso chanu cha unzika musanakhudze kalikonse.
- Yatsani sync mu Chrome kuti mapasiwedi ndi masamba amene munasunga akhale mu akaunti, osati m'foni mokha.
- Yambirani pa Clear cache, poti imangochotsa zithunzi ndi tizidutswa ta masamba akale osakutulutsani mu akaunti iliyonse.
- Likamavuta tsamba limodzi, fufutani cookies za tsamba lomwelo basi, enawo sanakulakwireni.
- Mukadina timadontho titatu ta mu Chrome n'kufika pa Delete browsing data, werengani kabokosi kalikonse ndipo musankhe nthawi, pakuti All time ndiye kuti zonse kuyambira kalekale.
- Pa kompyuta gwiritsani ntchito Reset settings ya Chrome kapena Refresh Firefox, poti zonse ziwiri zimasiya mapasiwedi ndi mabukumaki ali pomwepo.
- Pa foni yobwereka kapena kompyuta ya ku kafe tsegulani Incognito ndipo muitseke pochoka, kuti wobwera pambuyo panu asapeze khomo lili pululu.

Zosayenera

- Musadine Clear storage kapena Clear data poganiza kuti ndi chimodzimodzi ndi Clear cache. Mabataniwa amakhala moyandikana, koma Clear storage imabweza browser kukhala ngati yangoikidwa kumene, maakaunti onse mwatulukamo.
- Musalole kuti foni yonse aiflashe chifukwa choti Chrome ikuchedwa, pakuti ikayaka idzafuna Gmail yakale ija, ndipo ngati simukuikumbukira foni yatsekeka.
- Musamafufute cache m'mawa uliwonse ngati kusesa pabwalo, chifukwa zithunzi zonsezo zidzatsikanso ndi bandulo yanu yomwe.
- Musayembekezere malo ambiri mukafufuta, poti chadzaza foniyo ndi mavidiyo a m'magulupu a WhatsApp.
- Musafufute Opera Mini muli masamba amene mwana anasunga kuti aziwerenga popanda intaneti, adzapita onse mayeso a MANEB ali pakhomo.
- Musafufute muli pakati polemba fomu ya ntchito kapena ya sukulu, mudzayambiranso pa dzina.
- Musaganize kuti mwafufuta m'foni imodzi yokha sync ili yoyatsa, poti history idzachokanso pa kompyuta ndi paliponse pamene akauntiyo ili.
- Musadinenso Allow pa tsamba lililonse lokupemphani. Timauthenga tija toti mwawina ndalama kapena foni yanu ili ndi vairasi tinalowera pamenepo, ndipo kotitsekera ndi ku Site settings, pa Notifications.
- Musaike timapulogalamu tolonjeza kuyeretsa foni, ambiri amangowonjezera zotsatsa malonda.
- Musachite mantha ndi ndalama zanu za Mpamba kapena Airtel Money, zili pa nambala yanu osati mu browser, ndipo *444# ndi *211# zigwirabe ntchito. Wokuuzani kuti mumupatse PIN kuti "azibwezeretse" ndi wakuba.
- Musafufute za m'foni ya amayi iwo ali kumunda eti mukuwathandiza. Adikireni, mukhale nawo pansi, mulembe pasiwedi m'kope limene amasungamo manambala, kenako mudine iwo akuona.