Chiwongoladzanja Chikakwera, Bondi Imatsika Mtengo: Phunziro la Silicon Valley Bank

Pa 10 Malichi 2023, akuluakulu oyang'anira mabanki ku California anatseka Silicon Valley Bank. Bankiyi sinagwe chifukwa cha akuba kapena anthu okana kubweza ngongole. Ndalama zake zambiri inaziika m'mabondi odalirika kwambiri, kuphatikizapo a boma la America. Nanga chinavuta n'chiyani? Yankho lake lili pa mfundo imene aliyense wofuna kuchita digiri yachiwiri ya za chuma ndi misika ya ndalama ayenera kuidziwa ngati dzina lake.

Bondi n'chiyani?

Bondi ndi chikalata cha ngongole. Boma kapena kampani imabwereka ndalama zanu, n'kulonjeza kuti izikupatsani chiwongoladzanja chokhazikika chaka ndi chaka, ndipo nthawi ikakwana idzakubwezerani ndalama zonse. Ngati simungadikire, mutha kugulitsa chikalatacho kwa wina. Apa ndi pamene pagona nkhani.

Tiyerekeze kuti mwagula bondi ya K100,000 yopereka 10 peresenti, ndipo yatsala chaka chimodzi. Mudzalandira K110,000. Mawa lake chiwongoladzanja pa msika chakwera kufika 20 peresenti. Ndani angakupatseni K100,000 pa bondi yanu, pomwe yatsopano ingamubweretsere K120,000? Wogula adzaigula pa mtengo woti naye apeze 20 peresenti, ndiye kuti K110,000 kugawa ndi 1.2, zomwe ndi K91,667. Mwataya K8,333.

Tsopano bondi yomweyo ikhale ya zaka 10. Wogula adzakhala akulandira zochepa kwa zaka zonsezo, choncho mtengo umatsika kufika pafupifupi K58,000. Boma silinaphwanye lonjezo ngakhale limodzi, koma chuma chanu chachepa ndi K42,000. Bondi ikatalika nthawi, ngozi yake imakulanso.

Muyeso wa ngoziyi

Mu 1938, Frederick Macaulay anafotokoza muyeso wotchedwa duration, umene umasonyeza nthawi imene mwini bondi amadikira kuti ndalama zake zibwerere, powerengera malipiro onse. Pa ntchito, akatswiri amaugwiritsa motere: ngati duration ili 5, chiwongoladzanja chikakwera ndi 1 peresenti, mtengo wa bondi umatsika ndi pafupifupi 5 peresenti. Ophunzira a digiri yachiwiri komanso olemba mayeso a CFA amaphunzira kuwerengera zimenezi pa mabondi mazanamazana nthawi imodzi, ndi kuzifananiza ndi nthawi imene eni ndalama angadzazifune.

Zimene zinachitika

Mu 2020 ndi 2021, makampani a zaukadaulo anasungitsa ndalama zochuluka ku Silicon Valley Bank. Bankiyo inagula mabondi a zaka zambiri pa nthawi imene chiwongoladzanja chinali pansi kwambiri. Kuyambira Malichi 2022, banki yaikulu ya America, Federal Reserve, inayamba kukweza chiwongoladzanja pofuna kuchepetsa kukwera mitengo kwa zinthu. Pasanathe chaka chinachoka pafupi ndi ziro n'kupitirira 4.5 peresenti. Mabondi aja anatsika mtengo.

Bankiyo ikanatha kudikira, ikanalandira ndalama zake zonse. Koma eni ndalama anali ndi ufulu wozitapa tsiku lililonse. Pa 8 Malichi 2023 inalengeza kuti yagulitsa mabondi a pafupifupi madola 21 biliyoni ndipo yaluza madola 1.8 biliyoni. Mantha anafala msanga. Tsiku lotsatira, makasitomala anafuna kutapa madola 42 biliyoni. Banki inabwereka kwa anthu ofuna ndalama zawo mawa, n'kubwereketsa kwa obweza patapita zaka khumi.

Zikutikhudza bwanji?

Kuno kwathu boma limabwereka kudzera m'ma Treasury bill ndi ma Treasury note amene Reserve Bank of Malawi imagulitsa. Ogula akuluakulu ndi mabanki, makampani a inshuwalansi ndi osunga ndalama za penshoni. Lamulo limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro ku penshoni, wantchito 5 peresenti. Ndalama zimenezo ndi ukalamba wa aphunzitsi, manesi ndi makolo athu. Woziyang'anira akaphonya masamu, amalira ndi wopuma ntchito amene sanamvepo mawu oti duration.

Ngati mukulingalira maphunziro amenewa, limbikirani masamu ndi statistics, ndipo zolowerani kuwerenga malipoti a pachaka a makampani a pa Malawi Stock Exchange. Ntchitoyi ndi ya ukapitawo: mudzasunga chuma cha eni ake.

Mafunso okambirana

1. Bondi ya K200,000 yopereka 15 peresenti yatsala chaka chimodzi. Chiwongoladzanja pa msika chakwera kufika 25 peresenti. Mtengo wake ndi wotani?
2. N'chifukwa chiyani thumba la penshoni lingasunge mabondi a zaka zambiri mosavuta kuposa banki?
3. Mukanakhala woyang'anira chuma cha bankiyi mu 2021, mukanachita chiyani mosiyana?