Mwera sudziwa kuti mwalipira kale

Munthu wa ku Lilongwe akalakalaka nyanja amalowera msewu wa M14, kutsika zitunda za ku Dowa, kudutsa pa Mvera, mpaka kutentha kwa ku Salima kumuwombe kumaso. Pa tauni ya Salima ndi makilomita pafupifupi 100 kuchokera mumzinda. Akawonjezapo ena ngati 20 cha kum'mawa, wafika pa Senga Bay. Wonyamuka m'mawa amadya nkhomaliro ya chambo pamchenga, n'kukagona kwawo tsiku lomwelo. Kuyandikira kumeneku ndi dalitso la malowa, komanso ndi kumene kumapusitsa anthu, chifukwa malo ofikako msanga timawayesa odziwika.

Alendo anayamba kale kubwera kuno. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935, ndipo m'zaka za m'ma 1930 zomwezo hotela yomwe inkatchedwa Grand Beach, imene lero ndi Sunbird Livingstonia Beach, inkalandira azungu a boma la atsamunda obwera kudzapuma. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, Senga Bay inasanduka gombe la anthu a mumzinda watsopanowo. Zoimbaimba za Lake of Stars ndi Sand Music Festival zachitikapo m'mbali mwa nyanja muno, ndipo pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi pa tsiku la anakubala mu Okutobala mchenga umadzaza moti mwana akakuphonya dzanja umamufuna nthawi yaitali.

Koma hotela isanamangidwe, mudzi unalipo. Dera ili ndi la Mfumu Yaikulu Maganga. Muli Ayao ambiri achisilamu, Achewa, ndi asodzi ena amene makolo awo anatsika kuchokera kumpoto potsata nsomba. M'bandakucha mumamveka kuitana kwa ku mzikiti, maboti a chilimira akukocheza ndi usipa wa usiku. Anthu amenewa mphepo amaidziwa ndi mayina ake monga mlimi adziwira mitundu ya mvula. Pali mpoto wa nthawi ya dzinja, vuma wochokera kum'mawa, zambwe wochokera kumadzulo. Ndiye pali mwera, wochokera kummwera cha kum'mawa, umene umalamulira nyanja kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti. Gombe la Senga Bay layang'ana kotulukira dzuwa, ndipo mwera umafika utayenda pamadzi mtunda wautali popanda phiri loutchinga. Nyanja imeneyi, yozama mamita oposa 700 cha kumpoto kwake, inameza sitima ya Vipya pa 30 Julaye 1946 kufupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kutsikira kuli chete. Imeneyo inali sitima yachitsulo, yatsopano, yoyendetsedwa ndi anthu ophunzira ntchito yawo.

Bambo amene ndikufuna kunena pano amagwira ntchito mu ofesi ina ku Lilongwe. Ndi munthu wabwino, wosunga abale, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke kaye, chifukwa nkhani ngati iyi siigwera anthu oipa okha. Chaka china pa tchuthi cha 6 Julaye, iye ndi anzake a kuntchito anasonkherana ndalama n'kuchita hayala minibasi yopita kunyanja. Anatenga mkazi wake, ana ake, ndi mphwake, mwana wa mlongo wake wa kumudzi, mnyamata wa Fomu 2 amene iye monga malume ankamulipirira sukulu. Mnyamatayo anali asanaionepo nyanja chibadwire.

Anafika dzuwa litakwera pang'ono. Madzi anali bata, akungonyambita mchenga. Asanatsitse n'komwe makireti ndi mbaula yowotchera nyama, anyamata a maboti anali atawazungulira kale. Patsogolo pa gombelo pali chilumba chaching'ono cha miyala, Namalenje, chimene alendo amachitcha Lizard Island chifukwa cha ng'azi zake. Chimaoneka pafupi kwambiri. Bamboyo, poti ndiye ankasunga thumba la gulu, ananenerera mtengo mpaka unatsika, n'kupereka ndalama yonse pompo kuti boti lisatengedwe ndi ena. Anagwirizana zonyamuka akatha kudya.

Pansi pa mtengo chapafupi panali nkhalamba ikusoka ukonde. Inawasiya amalize, kenaka inaitana bamboyo ndi dzanja.

"Bwana, ndamva kuti mukupita pachilumba."

"Eya madala, tikangodya tinyamuka."

"Mukadandimvera, lero mukanaleka. Taonani matandala awo, mulibe usipa ngakhale umodzi. Usiku wathawu palibe analowa m'madzi. Mwera uwu wangopuma, sunathe ayi."

Bamboyo anayang'ana nyanja, anayang'ana chilumba, n'kuseka mwaulemu ndithu.

"Madala, ife talipira kale. Komanso si pompa apa?"

"Pafupi ndi kwa maso, bwana," inatero nkhalambayo, n'kubwerera ku ukonde wake.

Mawu akuti "talipira kale" ndi amene ndakhala ndikuwaganizira. Ndalama ikatuluka m'thumba imatseka makutu a mbali zonse ziwiri. Mlendo safuna kuluza zake, ndiponso safuna kuoneka wamantha pamaso pa anzake amene anamukhulupirira. Mnyamata woyendetsa boti naye ankadziwa bwino zimene nkhalamba ija inkanena, poti anakulira pa doko pomwepo. Koma ndalama ija anali atagulira kale mafuta, ina anali atapereka kwa mwini boti, ndipo m'miyezi ya mwera alendo amasowa. Kunena kuti "tisapite" kukanakhala kubweza ndalama yomwe analibe. Sindikumuyeretsa. Ndikungonena kuti kulipiriratu kunamumanga manja iyeyo pamodzi ndi amene anamulipira.

Ananyamuka dzuwa litapendeka, ena mowa utayamba kuwayenda m'mutu. Boti linali loyenera anthu ngati khumi, koma poti aliyense anasonkha, aliyense anakwera. Majekete oyandamitsa munthu pamadzi analipo ochepa, ndipo anagawira amayi ndi ana. Mphwake uja anali atavala kale imodzi, malume ake n'kumuuza kuti, "Iwe ndiwe mwamuna, mpatse msuweni wako." Mnyamatayo anavula mosanyinyirika n'kumuveka yekha mtsikanayo, kumumanga zingwe bwinobwino.

Popita zonse zinayenda bwino. Anajambulana zithunzi, anatumiza pa WhatsApp, anaona ng'azi zikuwothera dzuwa pamiyala. Woyendetsa boti anayamba kuwafulumizitsa, koma alendo olipira safulumizitsidwa. Pamene ankakweranso, mphepo inali itadzuka, ndipo pamwamba pa mafunde panayamba kuoneka thovu loyera.

Chimene anthu osazolowera nyanja amachita funde likamenya mbali imodzi ndicho kuthawira mbali inayo onse pamodzi. Boti linapendama, madzi analowa, injini inatsokomola n'kuzima. Boti lopanda injini silingalunjikitse mphuno ku mafunde, limatembenuka n'kuwapatsa nthiti. Woyendetsa uja ankakuwa kuti aliyense akhale pansi pomwe ali, kwinaku akukapa madzi ndi chigubu chodula, koma amuna awiri anaimirira. Funde lotsatira linaligudubuza. Zonsezi zinachitika anthu a pagombe akuona, nyimbo zikulirabe pa masipika.

Amene anakankhira maboti m'madzi ndi asodzi, omwe aja anakana kulowa m'nyanja usiku wathawo chifukwa choopa mphepo yomweyo. Anatola amene anakangamira boti logudubuzikalo, anatola amayi ndi ana amene majekete ankawayandamitsa. Atafika nawo pamchenga anthu anayamba kuwerengana, ndipo zinatenga nthawi kuti adziwe ngati onse alipo, chifukwa pokwera palibe anawerenga. Mtsikana wa jekete uja ndiye anayamba kufunsa za msuweni wake.

Anamupeza patapita masiku, cha kumpoto kwa gombelo, kumene asodzi ananena kuyambira tsiku loyamba kuti mwera ukamutula. Mafuta ofufuzira asodziwo anasonkherana okha pa doko. Bamboyo sanafune kuti mlongo wake amve za imfa pa foni, choncho anatumiza uthenga kwa akuluakulu a pamudzi kuti mwana wadwala kwambiri, iye n'kutsatira ndi maliro. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, ndiye amene mwana wa mlongo wake amathawirako zinthu zikavuta. Maliro ataikidwa, mlongo wakeyo sanamukalipire. Anangomufunsa kuti, "Achimwene, kodi kunyanjako kunalibe munthu woti akuuzeni?"

Sindikulemba izi kuti anthu aleke kupita ku Senga Bay. Pitani, ndipo tengani ana, chifukwa n'zomvetsa chisoni kuti mwana wa m'dziko la nyanja akule akungoiona pa mapu. Pitani mukaone zilumba za Maleri, zomwe ndi gawo la Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Ku Kambiri Point kuli malo amene malemu Stuart Grant anayambitsa, osungira mbuna, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala timene timagulitsidwa mpaka ku Ulaya. Mphepo ikavuta, mbidzi ndi agwape a ku Kuti Wildlife Reserve ali pafupi ndi tauni ya Salima, ndipo kumeneko simufunika boti.

Koma mukafika, musanalankhule ndi wokugulitsani ulendo, yambani mwapereka moni kwa munthu amene alibe choti akugulitseni: wosoka ukonde, mayi woyanika usipa, wa komiti ya pa doko. Mufunseni kuti nyanja yadzuka bwanji, ndipo ngati usiku wathawu anthu analowa. Safunsa anadya phula. Za ndalama gwirizanani poyera kuti mphepo ikadzuka ulendo ulephereka popanda mlandu, ndipo zambiri muzipereka mutabwerako. Potero mwamumasula woyendetsa boti kuti athe kukuuzani zoona. Werengani majekete, werengani anthu, ndipo ngati siziyenderana, ena atsale adzapite ulendo wachiwiri. Mwamuna wosadziwa kusambira amamira chimodzimodzi ndi mwana. M'nyengo ya mwera, ulendo wa pamadzi ukhale wa m'mawa ndipo ukhale waufupi, ngati eni nyanja avomera.

Palinso zina zimene mlendo saziona ndi maso. Mu 2024 madzi a nyanja anakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, n'kulowa m'mabwalo a malo ogona alendo ambiri m'mbali mwa nyanja. Madzi akakwera ndi kutsika chotero amasuntha mchenga, amakumba maenje, amabisa zipupa ndi zitsa. Pamene munasambira zaka zapitazo madzi akukulekezani m'chiuno, lero pakhoza kukhala phompho. Cha kumpoto kuli dambo la Mpatsanjoka kumene kumakhala mvuu, ndipo pa mathiriro a mitsinje ndi m'mabango ndi malo a ng'ona. Kusambira chisisira kapena usiku pamalo otero ndi kudzipereka. M'madzi odekha a m'mabango momwemo mumakhalanso nkhono zofalitsa likodzo. Matendawa saonekera tsiku lomwelo. Pakapita masabata munthu amayamba kumva kuwawa pokodza kapena kuona magazi m'mkodzo, ndipo ambiri amachita manyazi n'kumabisa, pamene mankhwala ake, praziquantel, amapezeka m'zipatala. Mwana amene wasewera m'madzi otere muzimuyang'anira mukabwerera kunyumba.

Za mowa ndinena mosabisa. Pa masiku a tchuthi, nkhani za anthu omira m'nyanja zimene timamva pa wailesi kawirikawiri zimakhala za alendo ochokera kumtunda, achinyamata amphamvu zawo, olowa m'madzi atamwa. Mowa umanamiza munthu kuti mwala uwo uli pafupi ndipo akhoza kukaugwira n'kubwerako anzake akuwombera m'manja. Madzi a m'nyanja yathu alibe mchere, sanyamula thupi ngati a m'nyanja yamchere, ndipo wotopa pakati amapita pansi mwakachetechete, osakuwa n'komwe.

Amene amaona ngati izi n'zoopseza anthu a m'tauni akaone mmene eni nyanja amadzisungira okha. Kumpoto kwa boma lomweli la Salima kuli chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ufumu umenewu wakhala ukutseka chilumbachi chaka ndi chaka cha mu Disembala, nthawi ya mvula ndi ziphaliwali, pamene utaka ukuswana, n'kudzachitsegula ndi mwambo cha mu Epulo. Akatswiri a za nsomba a m'dziko muno ndi akunja amapita kukaphunzirako, chifukwa utaka wa ku Mbenje ndi wonenepa ndipo sunathe ngati m'madera ena. Pachilumbapo pali malamulo okhwima. Lamulo loletsa amayi kukhalapo ena amalitsutsa, ndipo ine ndikuona kuti mtsutso umenewo uli ndi malo ake. Koma palinso loletsa juga, chamba ndi mowa, ndipo limagwira amuna amene anayamba kupalasa bwato asanayambe sukulu, osambira kuposa mlendo aliyense amene adzatsike minibasi pa Senga Bay. Wopezeka ndi mowa pa Mbenje amathamangitsidwa pachilumbapo, ngakhale nsomba zikugwidwa bwanji.